Zimene Tinaona ndi Zimene Tinamva Kuseri kwa Phiri la Domwe

Yense wodziwa dziko lathu la Angonia adziwanso kuti Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya makwaya. Chimanga chimakhala chitalowa m'nkhokwe, nyemba zitapunthidwa, alimi a fodya atayamba kugwira kangachepe, ndipo misewu ya kumidzi imene imameza matayala nthawi ya dzinja imakhala itauma gwa. Ndi nyengonso ya chisanu choluma, pakuti dziko lino ndi lokwera, ndipo mphepo ya m'mawa simvera jekete. Komabe simungayende mtunda wautali Loweruka m'mamawa osakumana ndi lole yodzaza anyamata ndi atsikana, atadzikulunga makapulana mpaka kumutu chifukwa cha fumbi, ali pa ulendo wa ku mpingo wina kumene aitanidwa kukayimba.

Mu Julayi chaka cha 2024 ife tinaitanidwa, pamodzi ndi amayi busa ndi akulu a mpingo awiri, kukakhala nawo pa msonkhano wa makwaya pa mpingo wina wa kuseri kwa phiri la Domwe. Dzina la mpingowo sitilitchula muno, ngakhale la kwaya iliyonse, chifukwa anthu ake anatilandira ndi manja awiri, ndiponso chifukwa nkhani imene tabwera nayo si ya mudzi umodzi. Ambiri a inu mukamawerenga muganiza kuti tikunena kwanu.

Munthu akachoka ku Vila Ulongwe kulowera ku Domwe amadutsa m'dziko lodyetsa anthu ambiri. M'madambo muli madimba obiriwira a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo matumba amakhala ndandanda m'mbali mwa msewu kudikira malole opita ku Tete ndi ku Beira. Ngolo za ng'ombe sizipatukira galimoto msanga; kuno mwini msewu ndi ng'ombe, galimoto ndi mlendo. Kumtunda minda inali mapesi okhaokha, ndi lupsa lakuda apa ndi apo pamene ana osaka mbewa anatentha tchire. Phirilo, limene nsonga yake ili pa mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere, linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno. Titapatuka pa msewu waukulu tinayenda nalo nthawi yaitali lili pambali pathu, tikuoloka timilatho ta mitengo ya bulugamu timene woyendetsa ankayamba watsika kukatiponda ndi phazi asanatikhulupirire.

Tinafika dzuwa litakwera pang'ono. Tchalitchi cha pamalopo ndi cha njerwa zootcha, chofoleredwa ndi malata, koma popeza anthu anachuluka, akhristu anali atamanga msasa waukulu wa udzu panja, mabenchi kutsogolo, mphasa kumbuyo. Chapatali pang'ono utsi unali tolotolo, amayi akuvundula nsima m'miphika ikuluikulu. Kuseri kwa tchalitchi kunali ntchito inanso yaikulu. Zovala za kwaya sizikwera lole zili m'thupi. Zimayenda m'masutikesi ndi m'majumbo omanga bwino, eni ake ali pa fumbi. Tsono simbi za makala zinali kupatsiranapatsirana, wina akupukuta nsapato, wina akumanga mnzake tayi, wina akufunafuna pini. Tinayembekeza kumva timagulu tikuyesa mawu pansi pa mitengo monga zinkakhalira kale. Mwa makwaya asanu ndi awiri amene analipo, imodzi yokha ndiyo tinaimva ikutero.

Makwaya ankalowa imodziimodzi, ndipo ya eni mudzi inalowa pomalizira. Abale, tinene zoona, inaoneka bwino zedi. Anthu pafupifupi makumi anayi, onse m'mikanjo yofiira moderako yofika m'mapazi, ya mizere yonga golide m'khosi ndi m'mikono. Amayi maduku omangidwa mofanana ngati anawamanga ndi munthu mmodzi. Abambo magolovesi oyera ndi nsapato zoti mungadzionerepo nkhope. Ankaponya phazi limodzi, kawiri kutsogolo, kamodzi kumbali, mikanjo ikugwedezeka pamodzi ngati tirigu wa ku Tsangano pa mphepo. Nthungululu zinalira, ana anakwera pa mabenchi, mafoni anakwezedwa m'mwamba msasa wonse. Mkulu wa mpingo wa pamalopo amene tinakhala naye pafupi anatinong'oneza kuti ngakhale ku Lilongwe simungapeze kwaya yotere, ndipo nkhope yake inali ya kholo loona mwana wake pa tsiku la ukwati.

Nyimbo zawo ziwiri zoyamba anayimba ndi kiyibodi. Choyimbira chimenechi chili ndi ng'oma, malipenga ndi gitala m'mimba mwake, ndipo chikalumikizidwa ku zokuzira mawu zoyendera jenereta chimadzaza bwalo pachokha. Anthu anaomba m'manja, ena anavina. Koma ife pa benchi ya kutsogolo tinatchera khutu kufuna kumva uthenga wa nyimbozo, ndipo tinatolapo dzina la Yesu ndi aleluya basi. Zina zonse zinamira.

Akulu a mpingo wolandira alendo anali ataika lamulo lakuti kwaya iliyonse, ikatha nyimbo zake zodzisankhira, iyimbenso ina imodzi ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, popanda choyimbira chilichonse, ndipo nambala yake aziitchula pomwepo. Sanadziwe kuti msampha umenewu ukola mwana wa m'nyumba. Nambala itatchulidwa, ya nyimbo yodziwika imene timayimba kawirikawiri pa Mgonero, woyimbitsa anaiyamba pamwamba kwambiri, poti anazolowera kuti kiyibodi ndiyo imampatsa poyambira. A sopulano anayesa kukwera, mawu nawathera pakhosi. Alito sinamveke konse. Abambo a besi, amene anali mzere wathunthu, ankangotsata njira ya sopulano chapansipansi, chifukwa njira yawoyawo sanaidziwe. Ndime yoyamba anaimaliza mokoka. Pa ndime yachiwiri milomo inayamba kutafuna mawu, maso akubana, ndipo magolovesi oyera aja anasowa pokhala.

Pamenepo kumbuyo, ku mphasa, mawu a amayi angapo anailowa nyimboyo chapansi, pamalo pake penipeni. Agogo a pa mabenchi anaigwira, abambo anaika besi, ndipo msasa wonse unayimba mpaka ndime yomaliza, ambiri opanda buku m'manja. Kunali kuyimba kokoma kuposa kwina kulikonse pa tsikulo. Koma kwaya inaima kutsogolo m'mikanjo yake ikutsogoleredwa ndi anthu amene inayenera kuwatsogolera, ndipo mkulu wa mpingo uja anaweramitsa mutu mpaka nyimbo inatha.

Wina asafulumire kunena kuti chovala chabwino ndicho chimapha mawu. Panali kwaya ina yochokera chakumalire, yovala mwaudongo malaya oyera ndi nsalu ya mtundu umodzi, imene inayimba njira zonse zinayi momveka, liwu lililonse likufika kumphasa; ndi yomwe ija tinaimva ikuyesa mawu m'mawa. Panalinso ina imene aliyense anavala zakezake, ndipo inayimba mosalongosoka monga mmene inavalira. Usiwa supatsa munthu mawu okoma. Pa nthawi ya nsima mkulu wina wa mpingo wa alendo anaponya mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu, anthu naseka. Ife sitinaseke nawo kwenikweni, pakuti m'kati mwa ana aja munalibe nyerere. Munali changu chimene chinathera pa chinthu china. Chimene chinatidetsa nkhawa ndi ichi: tinafunsa anthu angapo pa chakudya kuti atiuze uthenga wa nyimbo imodzi yokha imene anamva m'mawawo. Aliyense ankadziwa kwaya yovala zofiira, yovala zobiriwira, ya matayi achikasu. Za uthenga, anayamba kukanda m'mutu.

Madzulo, malole ena atanyamuka, tinakhala pa moto ndi woyimbitsa wa kwaya ya eni mudzi. Ndi bambo wachinyamata, mlimi wa mbatata, waulemu, ndipo manyazi a tsikulo anali asanamchoke. Tinamfunsa kuti, "Bambo, mikanjo yokongola chotere munaipeza bwanji?"

Anatifotokozera zonse mosabisa. Mikanjoyo ndi yunifomu yawo yachitatu. Nsalu ya mtundu umodzi yokwanira anthu makumi anayi sipezeka m'masitolo a pafupi, choncho anasintha mametikali kukhala makwacha natuma anthu awiri ku Lilongwe, ndipo telala anakhala nayo miyezi iwiri. Ndalama ina inachokera m'maganyu a kwaya, kukumba mbatata ndi kuumba njerwa; ina aliyense anasonkha m'thumba mwake. Masiku awo ophunzira nyimbo ndi Lachitatu ndi Loweruka masana. Kuyambira Malichi mpaka Juni, Loweruka lililonse linapita ku ganyu, ndipo Lachitatu linkathera pa kuwerenga amene alipira ndi amene sanalipire, nthawi yotsala naphunzira kaponyedwe ka mapazi polowa.

"Nanga alito inali kuti?" tinafunsa motero.

Anakhala chete akusonkheza moto, kenaka anati, "Abusa, sitinawachotse. Anangosiya okha." Amayi asanu a alito analephera kusonkha. Kwaya inagwirizana kuti wopanda mkanjo aziyimba nawo pa Sabata wamba, koma pa maulendo ndi pa masiku aakulu azikhala pansi, kuti mzere usaonongeke. Anabwera kawiri katatu, kenaka sanaonekenso. Ndipo iye mwini anatiuza kuti mawu aja anadzutsa nyimbo kuchokera kumphasa anawazindikira bwino lomwe: anali a amayi omwewo, amene anachoka pa miphika kudzaonerera kwaya yawo.

Sanalankhule ngati munthu wopanda nzeru. Anati, "Abusa, anthu masiku ano amamva ndi maso. Wokonza ukwati amaitana kwaya imene waiona pa foni." Izi ndi zoona, ndipo n'kofunika kuti akulu a mipingo adziwe mmene zithunzi za makwaya zimene zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook zimapangidwira nthawi zambiri. Ku situdiyo kumalowa anthu ochepa a mawu abwino, nyimbo imajambulidwa chidutswachidutswa, makina amawongola pamene papindika. Tsiku lina kwaya yonse imavala, n'kupita pa thanthwe kapena m'mbali mwa mtsinje, n'kumagwedeza milomo motsata nyimbo yojambulidwa kale ija. Woonera amaona anthu makumi anayi koma akumva asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kwaya ya kumudzi ikaona zimenezi imatengera chimene ingathe kutengera ndi ndalama za nyengo imodzi, ndicho chovala. Mawu sagulidwa ku Lilongwe. Amafuna madzulo ambirimbiri a kubwereza mzere umodzi mpaka besi itaima payokha, ndipo ntchito imeneyo palibe amene amaijambula.

Usiku umenewo, tili m'nyumba ya alendo, tinakumbukira mmene nyimbo zinakhalira m'dziko lino. Ntchito ya amishoni a mpingo wa Dutch Reformed inayamba pa Mphatso m'chaka cha 1909, ndipo mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka. Kwa zaka zambiri akhristu a ku Angonia analibe mbusa wokhala pakati pawo. Wofuna ubatizo kapena Mgonero ankayenda pansi kuoloka malire kupita ku Mlanda ndi ku mipingo ina ya m'Malawi. Buku la Nyimbo za Mulungu, limene linasindikizidwa koyamba mu 1916, silinali m'nyumba iliyonse, koma nyimbo zake zinali m'mitu ya anthu, ndipo zinawaphunzitsa chikhulupiriro pamene guwa linalibe mlaliki. Aphunzitsi akale ankaphunzitsa ndi manoti a do, re, mi, njira imene mbusa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo kukoma kwake n'kwakuti sifuna choyimbira. Choko ndi bolodi n'zokwanira. Pa nthawi ya nkhondo, anthu a dziko lathu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ife a zaka za m'ma 40 tinali ana pamenepo, ndipo tikukumbuka makwaya a m'misasa, oyimba ndi zovala zimene anathawa nazo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ku mabwinja ndi nyimbo zochuluka kuposa katundu. Agogo aja anapulumutsa nyimbo mu msasa ndi a sukulu imeneyo. Funso limene linatisowetsa tulo ndi lakuti, iwo akadzapita, adzadzutse nyimbo kuchokera kumphasa ndani?

Malembo sadana ndi chovala cha woyimba. Pa 2 Mbiri 5:12-13 timawerenga kuti pa tsiku lopatula Kachisi wa Solomo, Alevi oyimba a m'mabanja a Asafu, Hemani ndi Yedutuni anavala bafuta, ndipo pamodzi nawo panali ansembe 120 oomba malipenga. Bafutayo watchulidwa ndi liwu limodzi, wolemba nadutsa. Chimene anaimapo n'chakuti khamu lonselo linamveka ngati munthu mmodzi. Ndipo chinsinsi chake chili pa 1 Mbiri 25:7, pamene oyimba ophunzitsidwa awerengedwa kuti analipo 288, ndi pa 1 Mbiri 15:22, pamene Kenaniya anaikidwa kuyang'anira nyimbo chifukwa anali waluso. Mtumwi Paulo naye pa 1 Akorinto 14 akunena kuti ngakhale chitoliro ndi zeze ziyenera kusiyanitsa mawu ake kuti womva adziwe chimene chikuyimbidwa, ndipo akudera nkhawa munthu wamba amene sangathe kuvomereza ndi Amen chinthu chimene sanachimve. Kwaya ndi mlaliki wachiwiri pa mapemphero. Mlaliki wovala bwino amene anthu sakumva chimene akunena, akulu a mpingo sangamlekerere Masabata atatu.

Taganizaninso za amayi a Chigwirizano. Bulauzi yoyera ndi duku loyera zimachititsa kuti mkazi wa mwini sitolo ndi mayi wamasiye akakhala pa benchi imodzi musathe kudziwa wolemera ndi uti. Ndiyo ntchito ya yunifomu: kubisa munthu kuti gulu lioneke, ndi kutseka pakamwa pa kusiyana kwa m'matumba. Ikafika poti yunifomu yomweyo ndiyo ikusankha woima kutsogolo ndi wokhala pansi, ndiye kuti tafika pa nkhani ya pa Yakobo 2, ya munthu wa mphete yagolide ndi munthu wa zovala zosauka olowa m'msonkhano umodzi.

Pa Sabata m'mawa, mapemphero asanayambe, amayi busa anatitengera kwa mmodzi wa amayi asanu aja. Ndi mayi wamasiye wa msinkhu wathu, amene anaphunzira alito ali kamtsikana ku Ntcheu m'masiku othawa nkhondo. Tinawapeza akutsuka miphika ya dzulo. Titawafunsa, anapukuta manja pa kapulana nati, "Abusa, ine ndilibe nawo mlandu ana aja. Mkanjo ndi wokongola, inenso ndinaululutira. Koma ndalama imeneyo kwa ine ndi feteleza wa kudimba, ndipo ndili ndi ana awiri pa sukulu. Ndiziyimbira pa mphasa; pamenepo salipiritsa." Ananena mosadandaula, ndipo kusadandaulako ndiko kunatilasa. Tinawafunsa ngati angabwerere ku kwaya ataitanidwa. Anati angabwerere, koma asakhale wobwereka mkanjo wa mnzake amene wadwala tsiku limenelo.

Masana akulu a mpingo ndi atumiki anakhala pansi m'tchalitchi, natipempha kuti tikhale nawo ngati alendo omvetsera. Mkulu wina wachikulire, atapsa mtima ndi manyazi a dzulo, anati mikanjo yonse itsekeredwe m'bokosi kufikira kwaya itaphunzira kuyimba. Mtumiki wina anamkaniza, nati mikanjo yomweyo yabweza m'tchalitchi anyamata amene Loweruka ankalithera pa bawo ndi pa kachasu, ndipo mukailanda mwawabalalitsa. Tinaona kuti onse awiri anali ndi mbali yake ya choonadi. Nzeru inachokera kwa mayi wa Chigwirizano amene anaitanidwa kudzaimira amayi. Iye anati mikanjo ikhale ya mpingo, isungidwe ku tchalitchi monga zisungidwira ziwiya za Mgonero, ndipo aziivala amene wakhala akufika pophunzira nyimbo, kaya anasonkha kaya sanasonkhe. Anagwirizananso kuti Loweruka libwerere ku nyimbo, kuti Sabata lililonse kwaya izitsogolera mpingo nyimbo imodzi ya m'buku kiyibodi itazimitsidwa, ndi kuti mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, wodziwa manoti, apemphedwe kudzaphunzitsa njira zinayi zija.

Pa mfundo ya umwini wa mikanjo mpamene panavuta. Uthenga utafika panja, ena a kwaya anati mkanjo anaugula ndi thukuta lawo, ena anachita kugulitsa mbuzi, ndipo sangaupereke kuti uvalidwe ndi munthu amene sanaponyepo kanthu. Sitingawaweruze mopepuka; mbuzi si chinthu chaching'ono pa khomo la mlimi. Panali ganizo lakuti mpingo uwabwezere pang'onopang'ono kuchokera m'zopereka za masika, koma msungichuma anakumbutsa anthu kuti mazenera a tchalitchi alibe magalasi mpaka lero. Dzuwa linapendeka nkhaniyo isanathe, ndipo anaiimika kufikira msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo.

Lolemba m'mawa, tikukweza katundu ndi thumba la mbatata limene akhristu anatipatsa, woyimbitsa uja anabwera wapansi kuchokera kumudzi kwake, atanyamula buku m'jumbo. Linali buku la Nyimbo za Mulungu la manoti, lokhalo pa mpingo wonsewo, lopanda chikuto, ndipo masamba oyamba ndi omaliza anathothoka kalekale. Anatipempha kuti timufunire lina lathunthu. Tsono tikupempha inu owerenga: ngati m'sutikesi ya agogo kapena m'kabati ya ku tchalitchi kwanu muli buku la manoti limene silikugwira ntchito, liperekeni kwa abusa anu, ndipo iwo adzalitumiza kwa ife kudzera kwa okonza kalata ino.